Tagula masipika atsopano koma ulaliki sukumvekabe, vuto lili pati?

FUNSO: Akonzi, ine ndine mlembi wa mpingo wina kuno ku Lilongwe. Tchalitchi tinamanga chaka chatha, mamita 20 mulitali, 10 mulifupi, kupita mmwamba 5, pansi simenti, denga lamalata lopanda siling'i. Abusa akamalalikira akumbuyo sakumva olo kanthu, mawu akungoti wuuu ngati munthu akuyankhulira mdiramu. Tinasonkherana tagula masipika awiri akuluakulu koma ndiye zanyanyira, agogo ena mpaka asiya kubwera ati mutu ukumawapweteka. Mnyamata wapamikisa akuti timate mathireyi amazira kukhoma. Tipange bwanji?

YANKHO: Pepani alembi, za agogowo zandikhudza kwabasi. Koma ndalama ina isapitenso kumasipika, vuto lanu ndi nyumbayo. Mawu akatuluka pakamwa pa abusa amathamanga mamita pafupifupi 343 pa sekondi, akagunda pulasitala kapena simenti amabwerera pafupifupi onse, kugundanso malata, kubwereranso, ndiye liwu loyamba lisanazilale lachiwiri lafika kale pamwamba pake, lachitatunso, zonse phala. Mukakweza voliyumu mukungowonjezera phala lomwelo.

Choyamba yezani. Akatswiri amati RT60, kutanthauza masekondi amene phokoso limatenga kuti litsike ndi madesibelo (muyezo wa mphamvu ya phokoso) 60 chinthu chikasiya kulira. Anayambitsa izi ndi Wallace Sabine wa ku yunivesite ya Harvard ku America mu 1895, anamupatsa holo ya ku Fogg Art Museum yomwe anthu samamvana ngati yanuyi, mawu amakhala mmalere masekondi oposa 5. Mkuluyu amagwira ntchito usiku kuli zii, ndi chitoliro cha limba komanso wotchi, kumanyamula makushoni a mipando kuchokera ku holo ina ya pa Harvard pomwepo ya Sanders Theatre kumaika nkumayeza, kuchotsa nkumayezanso, mpaka anapeza masamu ake ndipo ndi amene anawagwiritsa ntchito pomanga Symphony Hall ya ku Boston yomwe inatsegulidwa mu 1900.

Inu muli ndi foni, zanu nzosavuta. Pitani tsiku lopanda mapemphero, tsekani zitseko, mmodzi aphulitse baluni paguwa wina akujambula mawu kumbuyo, kenako pakati, kenako pambali. Muike mukompyuta pa pulogalamu yaulele ya Audacity muone mchira wa phokosolo kutalika kwake. Phokoso lamagalimoto panja silingakulekeni kuona 60 yonse, ndiye yezani nthawi yotsikira madesibelo 20 muchulukitse katatu. Mnyamata wanu ngati ali wachidwi aphunzire pulogalamu ina ya REW, yaulelenso, imawerengera yokha. Poyankhula pamafunika sekondi imodzi kapena kucheperako, maholo a zoimba ndi amene amafika cha pa 2. Inu musadabwe mukapeza 4 kapena kuposa.

Masamu a Sabine ali chonchi: 0.161 kuchulukitsa ndi kukula kwa mkati mwa nyumba, kugawa ndi kuchuluka kwa zinthu zomeza mawu. Yanuyo 20 x 10 x 5 ndi 1,000, ndiye kuti mufike pa sekondi imodzi mukufunika masikweya mita 161 omeza mawu kotheratu. Munthu mmodzi ndi zovala zake amameza pafupifupi theka la sikweya mita, nchifukwa chake Lamulungu mutadzaza zimakhalako bwino kusiyana ndi mapemphero apakati pasabata, mwina munaziona kale.

Palinso kuyeza kumene ndimakukonda kuposa zamakinazi. Abusa awerenge mawu 20 osagwirizana, monga mbale, mvula, khasu, anthu amabenchi osiyanasiyana alembe zomwe amva, muwerenge amene akhoza. Pepalalo lisungeni mudzafanizire mukakonza. Khutu limaphatikiza mawu obwerera mkati mwa mamilisekondi 50 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000) nkukhala ngati liwu limodzi lamphamvu, ochedwa kuposa apo ndi amene amasokoneza, ndipo khoma lakumbuyo lomwe layang'anizana ndi masipika ndiye limakhala mdani wamkulu.

Mathireyi amazira ayi ndithu. Ndiopyapyala, amameza pang'ono zedi, amasunga mphemvu, ndipo moto ukangogwira simungauzime. Yambani ndi khoma lakumbuyolo, makatani olemera ngati bulangete opindapinda, otalikirako kukhoma masentimita 10 kapena kuposa. Kenako siling'i yofewa, imeneyi idzachepetsanso phokoso lamvula pamalata. Makushoni pamabenchi, kapeti munjira yapakati, mikeka kukhoma kuseri kwake mutaika siponji yokhuthala. Masipika muwakweze mmwamba muwaweramitse aloze anthu osati khoma, besi muchepetse pamaiki ya abusa. Mukaika chinthu chimodzi phulitsani baluni muyezenso musanagule china, ndipo agogo aja akawatenge munthu adzakhale benchi yomaliza pa mayeso a mawu 20 aja.