Funsani Mlangizi: Makina Odulira Nsenjere Akumangokhala, Tibwereke Aakulu?

FUNSO: Ndine mayi woweta ng'ombe ziwiri za mkaka kuno ku Bvumbwe. Chaka chatha ine ndi anzanga a m'gulu lathu logulitsa mkaka tinabwereka makina a injini odulira nsenjere, kuti aliyense akwirire sayileji wake, udzu wodulidwa umene timasunga m'dzenje kuti ng'ombe zidzadye m'chilimwe. Atafika kwa ine, makinawo ankangokhala kudikira ngolo, poti udzu wanga uli kudimba, ulendo wa ola lathunthu kupita ndi kubwera. Dzenje langa la mamita 5 mulitali, 2 mulifupi ndi mita imodzi kuya linadzaza tsiku lachitatu, ndipo mwini makina anandilipiritsa masiku onsewo. Potsegula ndinapeza pamwamba ndi m'mbali mwachita nkhungu. Anzanga akuti chaka chino tibwereke makina aakulu othamanga. Kodi tikatero zitheka?

YANKHO: Mayi, ndalama yanu isapite ku makina aakulu. Amene munabwereka aja sanachedwe, anasowa chodula. Mukabweretsa aakulu adzadikiranso ngolo yomwe ija, koma mtengo wake udzakhala wokwera.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Sayileji wotsendereka bwino amalemera makilogalamu pafupifupi 600 pa malo a mita imodzi mbali zonse, choncho dzenje lanulo limalowa matani 6. Ng'ombe iliyonse ikamadya makilogalamu 25 patsiku, chimenecho ndi chakudya cha masiku 120, chokwanira kukudutsitsani Ogasiti mpaka Novembala pamene msipu wauma. Tsono tiyerekeze kuti ngolo yanu imanyamula makilogalamu 400 a nsenjere wosadula, popeza nsenjere amadzaza ngolo asanalemere. Ndiye kuti pakufunika maulendo 15, ndipo ulendo uliwonse ndi ola limodzi. Maola 15 amenewo ng'ombe zapangolo sizingawagwire tsiku limodzi, chifukwa dzuwa likakwera zimafooka. Masiku anu atatu aja anachokera pamenepo. Ngati makinawo amadula tani imodzi pa ola, ntchito yawo yeniyeni kwa inu inali ya maola 6 basi.

Manambala a ngolo ndi a makinawa ndangoyerekeza, inu mukayese anuanu. Tengani sikelo, yezani mtolo umodzi, werengani mitolo yokwera m'ngolo. Makina akayamba, tcherani thumba kukamwa kwake kwa mphindi imodzi, liyezeni, chulukitsani ka 60. Mukagawa zimene makina amadula pa ola ndi zimene ngolo imodzi imafikitsa pa ola, mudziwa ngolo zofunika. Pa chitsanzo chathuchi ndi zitatu.

Ngolo zitatu zikavuta kupeza, pali njira ina imene ine ndimaikonda kwambiri. Dulani nsenjere dzulo lake m'mawa, afote padzuwa, madzulo muyambe kututira pafupi ndi dzenje. Nsenjere wamuwisi ndi madzi okhaokha, kuposa magawo 80 pa 100 alionse, ndiye akafota ng'ombe zimakoka udzu wambiri pa ulendo umodzi, komanso sayileji wake sachucha. Koma mumuyale mopyapyala pamalo oyera. Mukamuunjika mulu waukulu usiku wonse amatentha mkati, ndipo akagona padothi amalowetsa matope m'dzenje, amene amanunkhitsa chakudya. Kuti mudziwe ngati wafota mokwanira, finyani wodulidwa kale m'dzanja. Madzi akadontha, sanafike. Dzanja likangonyowa pang'ono, ali bwino.

Tsopano za nkhungu, zimene zandikhudza kwambiri m'kalata yanu. Sayileji amasungika chifukwa tizilombo tabwino timasandutsa shuga wa mu udzu kukhala asidi, yemwe uja amasasitsa chambiko. Ntchitoyi imayenda pokhapokha mpweya utatuluka. Dzenje likagona lotsegula usiku uwiri, udzu umapitiriza kupuma, umatentha, shuga n'kumatha asidi asanapangike. M'mbali ndi pamwamba ndi momwe mpweya umatsalira, n'chifukwa chake munaona nkhungu momwemo.

Apa ndi pamene makina aakulu angakupwetekeni. Tinene kuti ngolo zapezeka ndipo udzu ukufika mosadukiza. Odikiritsa anzawo tsopano akhala anthu a m'dzenje. Udzu umayenera kuyalidwa mokhuthala masentimita 15 okha, kuwazidwa molasisi (madzi okhuthala otsekemera otsala popanga shuga) wosungunula kapena madeya, n'kutsenderedwa mpaka phazi litasiya kulowa, kenako kuyalanso wina. M'dzenje lanulo muyalo umodzi ndi pafupifupi katundu wa ngolo imodzi, ndiye pa tani imodzi pa ola, otsendera ali ndi mphindi ngati 25 kuti amalize muyalo uliwonse. Makina othamanga kawiri angawasiyire mphindi 12. Chimene chimachitika n'chodziwika: anthu atopa, udzu waunjikana, wina akuti tingoponda pamwamba. Mpweya wotsekeredwa pansi pa muyalo wa theka la mita sungatulukenso ngakhale mutavinapo tsiku lonse. Choncho liwiro la tsikulo lizichokera m'dzenje. Otsendera akatsalira, woyendetsa makina aime kaye.

Ndimaona kawirikawiri anyamata amphamvu onse akuthamangira kumakina, m'dzenje n'kusiyamo ana. Zikhale mosemphana. Kumakina anthu awiri akwana, wopatsira ndi wolowetsa, ndipo wolowetsayo asavale malaya olendewera kapena kukankha udzu ndi dzanja pafupi ndi mipeni. M'dzenje muikemo akuluakulu anayi kapena asanu, ena azigubuduza mgolo wa malita 200 wodzaza madzi, ena aziponda m'makona momwe mgolo sufika. Wowaza molasisi akhale wakewake, ataukonzeratu dzulo, pafupifupi makilogalamu 3 pa makilogalamu 100 a udzu.

Mwini makina mumuuze anole mipeni asanabwere. Mipeni yobuntha imamwa dizilo wambiri ndipo imang'amba udzu m'malo modula tizidutswa ta masentimita 2 kapena 3, tomwe timatsendereka mosavuta.

Poti muli pagulu, ikani ngolo zanu zonse ndi anthu anu onse pakhomo limodzi patsiku, mawa lake pakhomo lina. Dzenje lililonse litsekedwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe: udzu utumphuke pamwamba pa dzenje kuti mvula izitsetsereka, pulasitiki pamwamba pake, dothi lokhuthala, ndi ngalande kuzungulira. Ngati kudimba kwanu kuli malo okwera osafika madzi, ganiziraninso zokumba dzenje lachiwiri komweko. Makina adzapita ulendo umodzi wokha, ndipo sayileji mudzamututa pang'onopang'ono m'chilimwe msewu utauma. Musatsegule masabata 6 asanakwane.