Kwa aphunzitsi amene akukonzekeretsa ana mtsutso wa kugwa kwa kwacha

Aphunzitsi, mwati ana anu a Fomu 4 apatsidwa mutu wakuti "Boma lomwe linali pampando ndilo liyenera kudzudzulidwa pa kugwa kwa kwacha mu 2023", ndipo mukuopa kuti mtsutsowo ungasanduke msonkhano wandale, poti ena makolo awo ndi a Kongeresi pomwe ena ndi a DPP. Mantha anuwo ndi omveka, koma mutuwo musausiye. Anawa ndiwo akudya kamodzi patsiku chifukwa cha mitengo, ayenera kudziwa kumene mavutowa anachokera.

Langizo langa ndi ili: musawalole kuyamba ndi dzina la mtsogoleri. Aliyense woimirira anene kaye chiganizo chimene boma linapanga, chaka chake, ndiponso ngati panali njira ina yomwe likanatsata. Akalephera kutchula zimenezi, mfundo yakeyo isawerengedwe, ngakhale atayankhula Chingerezi chothyakuka bwanji.

Koma asanagawane mbali, onse amvetse gwero la vutoli. Dziko lathu limagulitsa kunja katundu wa ndalama pafupifupi madola 1 biliyoni pachaka, ndipo pafupifupi theka lake ndi fodya. Zomwe timagula kunja, monga mafuta agalimoto, feteleza, mankhwala ndi makina, zimafika cha m'ma 3 biliyoni. Mpata wotsalawo umatsekedwa ndi thandizo la mayiko ndi mabungwe, ngongole, ndi tindalama tomwe abale athu a ku Joni ndi ku UK amatumiza. Mpata umenewu Muluzi anaupeza, Bingu anaupeza, ndipo onse obwera pambuyo pawo anaupeza n'kuusiya. Mwana amene wagwira mfundo iyi sanganene kuti kwacha inali bwinobwino mpaka tsiku limene wakutiwakuti analowa ku State House.

Kenaka muwabwezere ku 2011, chifukwa zimene zinachitika nthawi imeneyo n'zofanana kwambiri ndi za 2023, kungoti zipani zinali zitasinthana mipando. Bingu wa Mutharika anakana kugwetsa kwacha monga momwe IMF, bungwe lapadziko lonse lobwereketsa mayiko ndalama, inkafunira, ponena kuti ovutika adzakhala amphawi. Chifukwa chakecho sichinali chopusa. Koma mtengo wa dola wokhazikitsidwa ndi boma utasiyana kwambiri ndi wa pa bulaki, amene anali ndi madola anasiya kupita nawo ku banki. Mafuta anasowa, galimoto zinkagona pamizere. M'mwezi wa April chaka chomwecho boma linathamangitsa kazembe wa Britain, thandizo linayamba kuima, ndipo pa zionetsero za pa 20 July anthu pafupifupi 20 anataya miyoyo. Bingu atamwalira mu April 2012, Joyce Banda anagwetsa kwacha m'mwezi wotsatira, kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola, n'kuisiya kuti iziyenda ndi msika. Mafuta anabwerera, koma mitengo ya zinthu inakwera koopsa ndipo anthu anatukwana amayiwo.

Apa ndiye pofunika kuti ana aime ndi kuganiza. Wotumbula chithupsa ndiye amene wodwala amamukumbukira chifukwa cha ululu, chonsecho mafinya anaunjikana kalekale. Tsiku lolengeza kuti kwacha yagwa si tsiku limene kwacha inagwa. Choncho funso labwino si lakuti "analengeza ndani", koma lakuti ndani analola kuti madola athe mpaka panalibenso pothawira.

Izi sizikuyeretsa boma la Joyce Banda. Mu September 2013 nkhani ya Cashgate inaululika, kafukufuku anapeza kuti ndalama pafupifupi K24 biliyoni zinabedwa ku Capital Hill, ndipo mayiko amene ankathandiza pafupifupi 40 peresenti ya bajeti yathu anasiya kuika ndalama zawo m'thumba la boma. Kuyambira pamenepo boma lililonse lakhala likutseka dzenjelo pobwereka m'mabanki a m'dziko momwe muno pa chiwongoladzanja chokwera.

Ana a mbali yoteteza boma la Tonse, lotsogozedwa ndi Kongeresi, lomwe linali pampando mu 2023, mfundo yawo yamphamvu ili pa zaka za 2014 mpaka 2020. A DPP amanyadira kuti kwacha inakhazikika cha m'ma K730 pa dola kwa zaka zingapo ndipo kukwera kwa mitengo kunatsika kufika pansi pa 10 peresenti. Zimenezo n'zoona, ndipo ana azinene mosabisa. Koma kukhazikikako mbali ina kunachirikizidwa ndi madola obwereka ku mabanki monga Afreximbank ndi Trade and Development Bank, ngongole zodula zofuna kubwezedwa msanga. Mu 2022 IMF inanena poyera kuti ziwerengero za ndalama zakunja zosungidwa zomwe inapatsidwa m'zaka za 2018 ndi 2019 sizinali zolondola. Awonjezerepo zimene palibe boma likanaziletsa: Covid-19, nkhondo ya ku Ukraine yomwe inayamba mu February 2022 n'kukweza mtengo wa feteleza ndi mafuta, namondwe wa Ana amene anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, ndi namondwe wa Freddy mu March 2023 amene anapha anthu oposa 1,000 m'chigawo chakummwera.

Nawonso a mbali yodzudzula asachite manyazi, chifukwa zida ali nazo zokwanira. Boma la Lazarus Chakwera linalowa mu June 2020 likudziwa kuti nkhokwe ya madola ndi yopyapyala, komabe linakulitsa ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo kuchoka pa mabanja pafupifupi 900,000 kufika oposa 3 miliyoni, thumba pa K4,495. Feteleza yense ameneyo amagulidwa ndi madola. Cholinga chinali chabwino, ndipo ine sindinyoza mlimi amene anapindula, koma ndalama zake zinali zobwereka. Mu 2022 ndalama zokwana K750 miliyoni zinaperekedwa ku kampani ya ku UK yogulitsa nyama kuti ibweretse feteleza, ndipo nduna ya zaulimi inachotsedwa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700 pa dola. Chimene chimandipweteka ine kwambiri n'chakuti anthu atamva ululu wonsewo, boma silinachepetse kubwereka, ndipo mtengo wa dola unamangidwanso cha m'ma K1,750 pomwe pa bulaki unadutsa K4,000. Mizere ya mafuta inabwerera. Mgwirizano ndi IMF wa madola pafupifupi 175 miliyoni, womwe unali chifukwa chachikulu chogwetsera kwacha, unatha mu May 2025 dziko litangolandirako 35 miliyoni. Chiwongoladzanja chokha chinafika podya pafupifupi kotala ya bajeti yonse, ndalama zomwe zikanagula mankhwala ndi kumanga makalasi ngati anuwo.

Mukandifunsa maganizo anga, ndinena kuti boma la Tonse linapeza vutoli litakula kale, linagweredwa ndi masoka enieni, koma linalikulitsanso ndi ziganizo zake. Zitatu zonsezi n'zoona pa nthawi imodzi, ndipo mwana amene angathe kuvomereza mfundo yoona ya mnzake kenaka n'kusonyeza kuti yakeyo ndiyo yolemera kwambiri, ameneyo ndiye mumupatse malikisi ambiri.

Padzapezeka wina wonena kuti zonsezi ndi IMF. Musamuletse, chifukwa nkhani ya mabungwewa ili ndi mbiri yake yowawa kuno. Njala ya 2002 isanafike, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinagulitsidwa pafupifupi chonse, ndipo mpaka lero pali kukanganirana: IMF imati inalangiza kuti achepetse chabe, ena amati langizolo ndilo linatsegula chitseko. Koma mumufunse mwanayo kuti tinapitiranji ku IMF. Mu 2006 ngongole zathu zambiri zakunja zinakhululukidwa, tinayamba ngati atsopano, ndipo pasanathe zaka 20 tinali titamiranso. Amene anasaina ngongole zatsopanozo ndi nduna zathu, ndipo zambiri zinadutsa m'Nyumba ya Malamulo aphungu athu akuvomereza.

Chinthu china choti muchite ndi kugawa mbali mwa maere, osati mwa kufuna kwa mwana. Mwana wa m'banja la Kongeresi akagwera mbali yodzudzula, kapena wa m'banja la DPP akagwera yoteteza, mudzaona kuti aziwerenga mwakhama kuposa akanakhala pa mbali ya kwawo. Muwaletse kutchula mtundu wa anthu kapena chigawo chimene mtsogoleri amachokera. Woyamba zimenezo akhale pansi nthawi yomweyo. Mawu akuti "anaba" agwiritsidwe ntchito pokhapokha pali chigamulo cha khoti kapena lipoti la kafukufuku, apo ayi anene kuti "akuganiziridwa". Ziwerengero azitenga m'zikalata za Reserve Bank, za ofesi ya National Statistical Office ku Zomba, ndi m'mawu a bajeti amene nduna ya zachuma imawerenga ku Nyumba ya Malamulo, osati m'mauthenga ozungulira pa WhatsApp.

Popeza Peter Mutharika anapambananso chisankho cha pa 16 September 2025, mutsirize mtsutsowo ndi mphindi 10 zoti mbali zonse ziwiri zilembe pamodzi zinthu zomwe zidzayang'ane pa boma latsopanoli: likubwereka zingati m'mabanki a kuno, mtengo wa dola ku banki ukusiyana bwanji ndi wa pa bulaki, ndipo kupatula fodya, tikugulitsa chiyani kunja. Pepalalo mulisunge kuti a Fomu 4 a chaka chamawa adzayambire pomwepo.