Funsani Amisiri: Kodi mita ingandiuze moto wotsala m'batire la njinga?

FUNSO

Amisiri, njinga yanga yakapalasa ndinaiikira mota ya 36V m'tayala lakumbuyo, ndi batire lolembedwa 10Ah. Ndimakapikulira katundu wa pagolosale mu tauni ya Zomba. Chondisowetsa mtendere ndi timizere ta pasikirini. Ponyamuka timakhala tisanu, ndikayamba chitunda timatsika kufika tiwiri, ndikaima tibwereranso tinayi. Tsiku lina mota inangozima timizere tili titatu, ndinakankha njinga ndi thumba la shuga mpaka kunyumba. Mnzanga akuti ndigule mita yowerenga magetsi. Kodi ingandithandize? Imalumikizidwa pati, nanga sindiwotcha nayo njinga?

Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO

Achimwene, mnzanuyo wakuuzani zoona. Timizereto sitiwerenga moto umene mwagwiritsa ntchito ayi, timangoyeza ma volt a batire panthawiyo. Batire la 36V limakhala ndi magulu 10 a maselo olumikizidwa mondondozana. Likadzaza limafika 42V, ndipo likatsika cha m'ma 30V kapena 31V njinga imadzizimitsa yokha kuti maselo asaonongeke. Pachitunda mota imakoka moto wambiri, ma volt amagwa kwa kanthawi, mukaima amadzukanso. N'chifukwa chake timizere timakwera ndi kutsika. Batire likamakalamba kugwako kumakula, mpaka tsiku lina ma volt amakagunda malire aja muli pakati pa chitunda. Ndi zimene zinakuonekerani ndi thumba la shuga lija.

Mita imene mukufuna amaitcha watt meter. Iyo imawerenga moto wonse wodutsa pawaya n'kumauwonkhetsa, ngati mmene mita ya madzi imawerengera malita odutsa m'paipi. Imaonetsa zambiri, koma inu muziyang'ana ziwiri: Ah ndi Wh. Zonsezi ndi miyezo ya kuchuluka kwa moto, ndipo Wh imapezeka pochulukitsa ma volt ndi ma Ah. Batire lanu, 36V kuchulukitsa ndi 10Ah, likuyenera kusunga 360Wh likakhala latsopano.

Mamitawa alipo a mitundu iwiri. Otchipa ndi kabokosi kokhala ndi mawaya awiri mbali iyi, awiri mbali inayo. Mbali yolembedwa SOURCE imapita ku batire, yolembedwa LOAD imapita ku kontirola (kabokosi kamene kamalamulira moto wopita ku mota), wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda. Ambiri amalandira mpaka 60V, choncho kwa inu palibe vuto. Amene ali ndi batire la 52V asamale, chifukwa likadzaza limafika 58.8V, pafupi kwambiri ndi malire. Koma kabokosika ine sindikakonda panjinga yoyenda tsiku ndi tsiku. Moto wonse wa mota umadutsa mkati mwake, ndiye kuti mukafuna kuti kakhale pahandulo muyenera kukoka mawaya onenepa kuchoka kumbuyo n'kuwabwezanso. Mawaya akatalika amataya moto komanso amachulutsa malo oti achite shoti. Kuwonjezera apo tambiri timaiwala zonse batire likangozimitsidwa, ndipo mvula sitigwirizana nayo. Ngati ndalama zikukwanira kameneka, kaikeni pafupi ndi batire, m'kachikwama kosalowa madzi, muzikawerenga mukaima.

Umene ndingakulangizeni ndi mtundu wachiwiri, wokhala ndi shunt. Shunt ndi kachitsulo kamene kamaikidwa pawaya wakuda, wa negative, pakati pa batire ndi kontirola. Moto ukamadutsa, pakati pa nsonga zake ziwiri pamakhala kusiyana kwa ma volt kochepetsetsa, ndipo mita imawerenga kusiyanako. Kuchoka pamenepo kupita kuhandulo kumangoyenda timawaya towonda. Kamodzi ka timawayato kamakagwira ku positive kuti sikirini iyake. Pamenepo ikanipo kafyuzi kakang'ono pafupi ndi batire, chifukwa kawaya kowonda kakakhudza felemu kamayaka. Mita yodziwika kwambiri ya mtundu umenewu ndi Cycle Analyst, yopangidwa ndi Grin Technologies ya ku Vancouver, m'dziko la Canada. Imawerenganso liwiro ndi mtunda, n'kukuuzani yokha ma Wh a pakilomita. Ndi yodula, koma alipo ena otsika mtengo ogwira ntchito mofananamo. Ambiri mwa amenewo amafuna muwauze kukula kwa batire, ndipo muwakhazike pa 100% batire litadzaza.

Tsopano za kuwotcha njinga, ndipo apa ndikupemphani mumvetsetse. Batire la lithium silikhululuka shoti. Lichotseni panjinga musanagwire pulayala. Musadule mawaya a batire lenilenilo. Pangani kachingwe kapakati kokhala ndi mapulagi ofanana ndi amene alipo kale, kaya ndi XT60 kapena Anderson, kuti mita izilowa ndi kutuluka popanda kudula kanthu. Pulagi yokhala ndi mabowo ikhale mbali ya batire, kuti pasakhale chitsulo chamoto choonekera. Mawaya akhale onenepa ngati amene mwawapeza, muwawotcherere bwino ndi sodala. Kungopota n'kukulunga tepi kumatenthetsa pamfundopo mukamakwera chitunda. Musanalumikize yezani ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, kuti mutsimikize positive ndi negative, chifukwa mtundu wa waya nthawi zina umanamiza. Mukamva kuti "tha!" polowetsa pulagi, ndi ma capacitor, tizipangizo tosunga moto ta m'kontirola, akudzaza; pulagi ya XT90-S inapangidwira kuthetsa zimenezo. Onetsetsaninso kuti mita ikuzima pamodzi ndi batire, chifukwa imadya moto pang'onopang'ono ngakhale njinga itaima.

Zonsezi ndikunena za njinga ngati yanuyi, yochita kuikira mota. Panjinga zochokera kufakitale zili kale ndi mota ya Bosch kapena Shimano, batire ndi mota zimalankhulana pa mawaya akeake, ndipo sikirini yake imawerenga kale bwino. Zimenezo osazidula.

Mita ikalowa, dzazani batire, muibweze pa ziro, muyende ulendo wanu wa masiku onse. Tiyerekeze mwayenda makilomita 15 ndipo yalemba 180Wh. Ndiye kuti mukudya 12Wh pakilomita. Tsiku lina, muli pafupi ndi kunyumba, yendani mpaka njinga izime, muone nambala imene yathera. Ikathera pa 250Wh m'malo mwa 360Wh, dziwani kuti batire lanu lenileni ndi limenelo, osati lolembedwa pachikutocho, ndipo ulendo wanu ndi wa makilomita 20 basi. Muyezenso muli ndi katundu komanso mulibe, chifukwa ku Zomba kuno zitunda ndi kulemera ndi zimene zimamaliza batire. Mudzaonanso nokha kuti kupalasa ndi miyendo ponyamuka, komanso kupopa matayala mokwanira, kumatsitsa nambalayo.

FUNSO

Kunyumba akuti njinga yanga yamagetsi ndi imene ikutha mayunitsi. Batire ndi la 48V, 13Ah. Zoona?

Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO

Ayi mayi, wotha mayunitsi ndi wina. 48 kuchulukitsa ndi 13 ndi 624Wh, pomwe yunitsi imodzi ya ESCOM ndi 1,000Wh. Tchaja imataya moto wina ngati kutentha, komabe kudzaza batire lotheratu sikufika yunitsi imodzi. Mbaula yamagetsi ya 1,500W imadya zomwezo isanathe theka la ola. Mukafuna umboni, pali mita yolowetsa pasoketi, tchaja n'kulowa pamwamba pake. Imalemba ma kWh, omwe ndi mayunitsi omwewo. Mukatha kuyeza tchaja, muyezerenso ketulo ndi simbi.