Funsani Alangizi: Ana samva pokhapokha ndikakalipa

Funso: Ndimaphunzitsa Sitandade 5 pasukulu ina ya pulayimale ndipo m'kalasi mwanga muli ana opitirira 90. Chikwapu ndinachisiya poti sichiloledwa, koma tsopano ndimangokhalira kukuwa mpaka mawu kusasa. Ndikakalipa amakhala chete pang'ono, kenaka phokoso n'kuyambiranso. Kodi ana angamvere popanda mantha? Mphunzitsi, Dedza

Yankho: Aphunzitsi, anawo anazolowera kuti nthawi yokhala chete ndi pamene inu mwapsa mtima, ndiye amasokosa mpaka mufike pamenepo. Akazolowera kukuwa kwa lero, mawa padzafunika kukuwa koposa. Mwana amasintha khalidwe mwachangu akamadziwa chimene chidzachitike akalakwa, ndiponso kuti chidzakhala chomwecho Lolemba ndi Lachisanu, kaya mwadzuka bwino kaya malipiro achedwa.

Yambani ndi chizindikiro chimodzi. Imani malo amodzimodzi, ombani m'manja katatu, ana ayankhe kawiri n'kupinda manja. Mukatero dikirani, osayankhula phokoso lisanathe. Ambiri amagonja apa: amadikira pang'ono, n'kuyamba kuphunzitsa ana khumi akulongololabe, ndipo chizindikiro chimafera pomwepo. Sabata yoyamba mudzatayapo mphindi zingapo pa piriyodi ya mphindi 35, koma musadandaule nazo, zidzabwerera. Podikirapo tchulani amene akonzeka: “Gulu la kuzenera lakonzeka, zikomo.” Dzina likamamveka kwa wosokoneza yekha, ena amaona kuti njira yodziwikira kwa aphunzitsi ndi kusokoneza.

Malamulo asapitirire atatu, ndipo akhale oti mwana awanene pamtima, monga kumvetsera wina akamayankhula, kusamenya kapena kugwiragwira anzako, ndi kufika ndi kope ndi cholembera.

Wina akalakwa, musamudzudzule muli kubolodi. Pitani pafupi naye uku mukuphunzitsabe. Nthawi zambiri kuyandikirako kumakwana. Ngati ana amakhala pansi, siyani tinjira tiwiri pakati pawo kuti muzitha kufika kumbuyo, chifukwa phokoso limayambira kumene mphunzitsi safika. Akapitiriza, muuzeni motsitsa mawu lamulo limene waphwanya ndi chimene mukufuna, n'kuchokapo osadikira yankho. Mwana wamkulu, makamaka wobwereza kalasi, sangagonje anzake akuonerera. Mukaimirira pomwepo mwamuitanira mpikisano. Kachitatu musunthireni kutsogolo. Pa buleki khalani naye mphindi ziwiri: chinachitika n'chiyani, wasokonezeka ndani, mawa tichita bwanji? Mawalo mulonjereni ngati ena onse, nkhani yadzulo inatha dzulo.

Zimene zimaononga dongosololi n'zodziwika. Kuopseza zimene simungachite, monga “ndikuchotsa sukulu”, kumaphunzitsa ana kuti mawu anu ndi opanda kanthu. Kulanga kalasi yonse chifukwa cha ana asanu kumakudanitsani ndi amene anali chete. Kumutuma mwana kukatchetcha kapena kukumba dzenje la zinyalala nthawi ya phunziro n'koipa kwambiri, pakuti amene amavutika kuwerenga amakonda chikwakwa kuposa kuchita manyazi ndi buku, ndipo mawa adzasokoneza dala. Nayo ntchito yolemba mayina a olongolola musamusiyire monita, amalemba adani ake n'kusiya anzake.

Tisanamizane: boma limafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, ndipo chiyambire maphunziro aulere mu 1994 makalasi ambiri amaposa pamenepo. Ana 90 sangakhale zii tsiku lonse. Chofunika n'chakuti azikhala chete msanga mukawafuna.

Funso: Ndine wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu. Aphunzitsi athu ena ndi aukali, ena salabadira, ndipo tinkhani tonse timathera ku ofesi. Tiyambire pati? Wachiwiri kwa ahedi, Mangochi

Yankho: Ana amadziwa msanga kuti piriyodi iyi ndi yoopsa ndipo iyo ndi yosewera, ndipo amene amavutika ndi mphunzitsi watsopano. Pa msonkhano wa aphunzitsi musalembe malamulo 20 a ana. Gwirizanani zinthu zitatu zimene akuluakulu nonse muzichita mofanana: kukhala pakhomo la kalasi belu likamalira, chizindikiro chimodzi sukulu yonse, ndi masitepe amodzimodzi a chenjezo. Nkhani ya kuchedwa iyambe ndi inu. N'kovuta kuimitsa mwana pageti pamene aphunzitsi ake akufika asembule itatha.

Ku ofesi kuzibwera milandu yaikulu yokha, monga ndewu yovulazana, kuba ndi nkhanza. Ina yonse amalize mphunzitsi mwini, ndipo akafuna thandizo mupite mukaime naye pambali, osamulanda nkhaniyo. Mphunzitsi amene wakalipa mopyola muyeso muyankhule naye kumbali, monga momwe mukufunira kuti iye azichitira ana.

Fotokozerani komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA) ndi amayi a mother group, chifukwa makolo ena akamva kuti chikwapu kulibe amayesa mwambo watha. Pemphaninso mlangizi wa sukulu za pulayimale wa m'zoni yanu (PEA) kuti nkhaniyi ikambidwe pa maphunziro a aphunzitsi ku likulu la zoni (TDC). Pakatha masabata anayi onani buku la milandu: kodi mayina akubwerezabwereza ndi ati, ndipo akuchokera m'piriyodi ya ndani?