Yankho kwa mayi amene wapezeka ndi khansa ya m'mawere: ntchito, ana ndi masiku a kuchipatala

Mayi wina wa ku Lilongwe, amene amagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina, wandilembera pa imelo kuti madokotala amupeza ndi khansa ya m'mawere. Amuuza kuti achitidwa opaleshoni, kenako ayamba kemo, kutanthauza kulandira mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa. Ali ndi ana atatu, malipiro ake ndiwo amagwira pakhomo, ndipo kuntchito sanauze aliyense poopa kuchotsedwa. Funso lake ndi lakuti angasenze bwanji zonsezi nthawi imodzi.

Mayi, pepani kwambiri. Za mankhwala muzimvera madokotala amene akukuonani. Ine ndikambapo za kakonzedwe ka masiku anu. M'miyezi ikubwerayi, masiku a kuchipatala ndiwo ayambe kulembedwa pa kalendala, ndipo ntchito ya ku ofesi ndi ya pakhomo zipeze malo pa masiku otsalawo. Tsiku la kemo lisasunthidwe chifukwa choti ndi kumapeto kwa mwezi ku ofesi, kapena chifukwa cha chinkhoswe cha mbale wanu, pakuti kudumphitsa masiku popanda chilolezo cha dokotala kumachepetsa mphamvu ya chithandizocho.

Kawirikawiri kemo amaperekedwa pakatha milungu itatu iliyonse, ndipo thupi limatsata kayendedwe kameneka. Masiku oyamba mukangolandira mankhwala kumakhala mseru ndi kufooka. Pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chitetezo cha m'thupi chimatsika kwambiri, choncho imeneyi si nthawi yothithikana m'minibasi kapena yokhala pafupi ndi munthu wa chimfine, ndipo thupi likatentha kufika madigiri 38 muyenera kupita kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche. Mlungu wachitatu ambiri amapezako bwino. Mukatenga kabuku n'kumalemba mmene mukumvera tsiku lililonse pa ulendo woyamba wa kemo, mudzadziwa masiku amene mungalonjeze ntchito yolemera ndi amene simuyenera kulonjeza kanthu.

Za kuntchito, ndikukulimbikitsani kuti musabise mpaka zinthu zitavuta. Simukukakamizidwa kuuza ofesi yonse, koma abwana anu kapena woona za ogwira ntchito adziwe msanga, ndipo mupite ndi kalata ya dokotala. Lamulo la zantchito la dziko lino la chaka cha 2000 limati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu, chaka chilichonse, wa milungu inayi ya tchuthi cha odwala akulandira malipiro onse, ndi milungu ina isanu ndi itatu akulandira theka. Lamulo lomwelo limanenanso kuti kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda si chifukwa chomveka chochotsera munthu ntchito. Werenganinso kontrakiti yanu, popeza makampani ena amapereka zoposa pamenepa. Chithandizo cha khansa chimatha kutenga miyezi yambiri kuposa tchuthi chimenechi, n'chifukwa chake ndi bwino kupita kwa abwana muli ndi ganizo lanu lokonza kale: opaleshoni mutenge tchuthi chathunthu, koma nthawi ya kemo mupemphe masiku ochepa pa ulendo uliwonse, kuweruka masana pa masiku ovuta, ndi mnzanu mmodzi amene aphunziretu ntchito zanu za kumapeto kwa mwezi. Zimene mwagwirizana zilembedwe, ndipo musunge pepala lanu. Kukabuka kusamvana, ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ilipo.

Kunyumba ndi kumene ndikukuderani nkhawa kwambiri, chifukwa mayi wa pakhomo amazolowera kudzuka m'mamawa ngakhale thupi likukana. Achibale ndi anzanu a kumpingo adzanena kuti muziwauza mukafuna thandizo, ndipo amanena zoona, koma mawu oterewa amathera m'malere ngati simupatsa munthu aliyense ntchito yake yeniyeni. Mchemwali wanu akhale gadiyani pa masiku a kuchipatala. Wina azitenga mwana wamng'ono kusukulu. Amayi a kumpingo agawane masiku obweretsa chakudya mlungu wa kemo. Bambo a kunyumba apite nanu kwa dokotala kuti akamve okha, ndi makutu awo, kuti kuchapa, kunyamula ndowa ndi kusenza katundu wa kumsika muyenera kuzisiya kwa milungu ingapo mukachitidwa opaleshoni, makamaka ngati achotsanso anabele a m'khwapa, popeza mkono wa mbali imeneyo umatha kutupa. Musankhenso munthu mmodzi woyankha mafoni ndi kulandira odzazonda, kuti musamafotokoze nkhani imodzimodziyo tsiku lonse muli ofooka.

Ana muwauze. Amaona okha kuti pakhomo pasintha, ndipo akamva kwa anansi amaganiza zoopsa kuposa zimene zilipo. Auzeni m'mawu osavuta kuti muli ndi matenda a m'bere, kuti madokotala akukuthandizani, kuti tsitsi lingathothoke koma lidzameranso, kuti khansa si yopatsirana, ndiponso kuti palibe amene anakulodzani kapena kuiyambitsa. Mwana wamkulu athandize, koma asasanduke mayi wa pakhomo mpaka kulephera sukulu. Aphunzitsi ake adziwe zimene zikuchitika.

Pa ndalama, ngakhale pa zipatala za boma monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth simulipira, thiransipoti ndi chakudya zimadya ndalama, ndiye muyambe kupatula tsopano malipiro asanatsike kufika pa theka. Ngati muli pa sikimu ya zachipatala monga MASM, funsani msanga zimene amalipira. Adzabweranso anthu ndi mankhwala azitsamba ogulitsa. Musamwe kanthu musanafunse dokotala, pakuti zina zimasokoneza kemo.

Pomaliza pa kalata yanu mwatchula kuti simukugona. Nenani zimenezo kwa dokotala kapena namwino mukapitanso, monga mmene munganenere za ululu, ndipo pemphani kuti akulumikizeni ndi mlangizi komanso amayi ena amene anadutsa kale m'chithandizo chomwechi.