Yankho kwa amalume: za Darwin ndi jezi ya Liverpool

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu uja ndaumvera, ndawerenganso zonse zimene alamu akhala akulemba m'gulu muno kuyambira dzulo. Kulemba kundichedwetsa, ndiye ndingoyankhula, mupirire nane chifukwa italikirapo. Mwafunsa ngati n'zoona zimene akunena alamu, zoti sitiraika Darwin Núñez anali mbola ndipo Liverpool imangomusungira kugulitsa majezi. Mwafunsanso kuti poti munthuyo wapita ku Saudi Arabia, mzime wanu amene akulirira jezi yolembedwa Darwin kumsana mumupezere iti.

Ndiyambe ndi mnyamatayo. Ine Darwin ndimamukonda, mpaka lero, koma sindinganene kuti anabweza ndalama zimene anamugulira. Liverpool inamutenga ku Benfica ya ku Portugal mu June 2022 pa mapaundi 64 miliyoni, ndipo anagwirizana kuti ndalamazo zikhoza kukwera mpaka 85 miliyoni zinthu zikamuyendera. Sanangomutola panjira ayi. Sizoni imeneyo anali atamwetsa zigoli 34 ku Benfica, ndipo ziwiri mwa izo anamwetsa Liverpool yomweyo mu makotafainolo a Champions League, china ku Lisbon, china pa Anfield penipeni, bwalo la Liverpool. Klopp, mphunzitsi wa Liverpool nthawi imeneyo, anamuona ndi maso ake akusautsa otchinga kumbuyo ake, ndiye anati munthu ameneyu ndikumufuna.

Tsoka lake n'loti nyengo yomweyo Man City inagula sitiraika Haaland, motchipa kuposa iye. Kuyambira tsiku limenelo Darwin sankamuyezanso payekha, ankamuyeza ndi Haaland. Poyamba zinaoneka ngati zimukomera, chifukwa mu Community Shield, gemu yotsegulira sizoni yomwe tinasewera ndi Man City, analowa kuchokera pabenchi n'kugoletsa, Liverpool n'kupambana 3-1, Haaland ataphonya golo ili pululu. Ku Fulham anagoletsanso. Koma gemu yake yoyamba ya ligi pa Anfield, ndi Crystal Palace, Andersen, wotchinga kumbuyo wa Palace, anamuputaputa mpaka mnyamata anapsa mtima n'kumugunda ndi mutu. Khadi yofiira, magemu atatu ali panja. Pomwe ankabwerera, mnzake uja anali atathawa kale. Sizoni inatha Haaland ali ndi zigoli 36 za mu ligi, Darwin ali ndi 9.

Tsono apa mundimvetse, amalume, chifukwa ndi pamene ine ndi alamu tikusiyana. Munthu wa mbola ndi amene umaiwala kuti ali m'bwalo. Darwin sunkamuiwala. Kumbukirani ku Newcastle mu August 2023. Van Dijk anali atatulutsidwa, tili anthu 10, tikugonja 1-0, aliyense atataya kale mtima. Darwin analowa chakumapeto n'kumenya mipira iwiri, yonse kuchokera mbali yakumanja, yonse mu ukonde, 2-1. Ku Nottingham Forest mu March 2024 anagoletsa ndi mutu pa mphindi ya 99. Ku Brentford mu January 2025, sizoni yomwe tinatenga ligi, mpira unali 0-0 mpaka mphindi 90 kutha, iye n'kumwetsa ziwiri mu nthawi yowonjezera. Mapoinzi amenewo anathandiza kuti chikho cha nambala 20 chibwere. Sizoni ya 2023/24 anagoletsa 18 m'mipikisano yonse, n'kupatsiranso anzake mipira 13 yomwe inasanduka zigoli, ndipo Salah anadya nawo bwino pamenepo.

Koma munthu yemweyo ndi amene anagunda chitsulo kanayi mu gemu imodzi, ija tinaswa Chelsea 4-1 mu January 2024, penate yomwe. Kanayi, amalume. Ofusayidi ndiye inali chakudya chake cha tsiku ndi tsiku, chifukwa ankanyamuka mpira usanachoke kuphazi la mnzake. Ine mmene ndinkamuonera, mpira ukamupeza ali pa liwiro, alibe nthawi yoganiza, ankamenya zinthu zodabwitsa. Koma akatsala yekha ndi goloboyi, nthawi ilipo yokwanira, m'pamene mutu unkamusokonekera. Pofunika kungoukankhira pakona, iye ankaumenya ndi mphamvu zake zonse. Mukamva anthu akuti ankaphonya kwambiri, muziwakumbutsa kuti sizoni ya 2023/24 amene anaphonya mipata yooneka kuposa aliyense mu ligi anali Haaland, koma iyeyo anamwetsa 27 pomwe Darwin anamwetsa 11. Kuphonya aliyense amaphonya. Vuto la Darwin linali loti zimene ankamwetsa sizinkakwana kuphimba zimene waphonya. Anali ngati mvula yamkuntho yodzaza mtsinje tsiku limodzi kenako n'kusowa masabata atatu, pomwe ligi ya magemu 38 imafuna mvumbi.

Chinanso n'choti amene anamufuna uja anachoka. Klopp atatsanzika mu May 2024, kunabwera Arne Slot, ndipo mpira wa Slot ndi wodekha, wosunga mpira, wofuna sitiraika wodziwa nthawi yobwerera pakati n'kusiyira Salah njira. Darwin amafuna bwalo lotseguka kuti athamange. N'chifukwa chake ku timu ya dziko lake, Uruguay, pansi pa mphunzitsi Bielsa, anagoletsa Brazil komanso Argentina mu 2023, matimu onsewo n'kugonja 2-0. Ku Liverpool Slot anayamba kuika Luis Díaz pakati, munthu wosewera m'mbali, kapena malemu Jota, Darwin ali pabenchi. Magemu a ligi amene anayamba nawo sanafike n'komwe 10. Ndiye kunabwera tsiku la ku Aston Villa mu February 2025, ataphonya golo yopanda munthu, mpira n'kutha 2-2. Slot ananena poyera kuti kuphonyako akhoza kukhululuka, koma chimene sanakondwe nacho ndi mmene mnyamata anafookera pambuyo pake. Mphunzitsi akafika poyankhula choncho kwa atolankhani, dziwani kuti ulendo wayandikira. Penate yake yomwe goloboyi Donnarumma anagwira PSG ikutitulutsa mu Champions League inangotsindika. Anatha sizoni ndi zigoli 7 zokha.

Zonse pamodzi, zigoli 40 m'magemu 143, zaka zitatu. Al-Hilal ya ku Saudi Arabia inamugula mu August 2025 pa ndalama za ku Ulaya zokwana mayuro 53 miliyoni. Ndiye inde, timu yaluza ndalama pa iye, koma si zonse monga akunenera alamu. Ndipo chimandipweteka ine n'choti mnyamata ameneyu anatukwanidwa kwambiri pa intaneti, mpaka nthawi ina mu 2024 anafufuta zithunzi za Liverpool pa Instagram yake, pomwe anthu olowa m'bwalo la Anfield ankaimba dzina lake ngakhale ataphonya. Amene ankamuona akuthamanga maso ndi maso sanamutaye.

Tsopano za majezi. Nkhani yoti timu imagula osewera kuti ibweze ndalama pogulitsa majezi ndimaimva kawirikawiri, ngakhale kuno ku England, koma masamu ake sagwirizana. Jezi si ya timu, amalume. Amaipanga, kuitumiza m'mashopu ndi kuigulitsa ndi a kampani, ndipo ndalama zambiri zimapita kwa iwowo ndi kwa eni mashopu. Timu imalandira ndalama yokhazikika pachaka, n'kuwonjezerapo kagawo kochepa pa zogulitsidwazo. Nthawi ya Darwin majezi ankapanga ndi a Nike, ndipo mgwirizano wawo unali wa mapaundi 30 miliyoni pachaka kuphatikizapo 20 peresenti ya malonda. Chigawo chimenecho chinali chachikulu kale poyerekeza ndi zimene matimu ambiri amalandira. Ndiye tiyeni tiwerengere mokomera alamu. Jezi ya mapaundi 80, timu itengepo 16. Kuti mubweze 64 miliyoni mufunika kugulitsa majezi 4 miliyoni olembedwa Darwin. Ndiponso ambiri mwa anthu amenewo akanagulabe jezi ya Liverpool, kungoti akanalembetsa Salah kapena Van Dijk. Ndalama yatsopano yobwera chifukwa cha dzina la Darwin ndi yochepa kwambiri. Majezi amene timagula pamsika ku Limbe kapena ku Lilongwe aja ndiye Liverpool silandirapo ngakhale tambala.

Zoti timu imafuna ndalama pa majezi, pamenepo alamu sakunama, ndipo nkhani yake ndi yaikulu kuposa sitiraika mmodzi. Mu October 2019 Liverpool inakafika mpaka kukhoti ku London ndi a New Balance, amene ankatipangira majezi nthawi imeneyo. Mgwirizano wawo unkawalola kupitiriza ngati atafananitsa zimene kampani ina yalonjeza. Ndalama yokhazikika ya Nike inali yocheperapo kuposa imene New Balance inkapereka, koma Nike inalonjeza kutsatsa katundu wa Liverpool kudzera mwa anthu ngati LeBron James, Serena Williams ndi Drake. Woweruza anagamula kuti New Balance sinathe kufananitsa zimenezo, Nike n'kulowa mu 2020. Taonani mayina amenewo. Wina ndi wa basketball, wina wa tennis, wina woimba. Palibe womwetsa zigoli. Amene ankawasaka ndi anthu a ku America ndi ku Asia amene mwina sanaonerepo gemu mpaka kumapeto, koma akhoza kugula chovala chofiira chifukwa LeBron wavala.

Pano tabwerera ku Adidas kuyambira pa 1 August 2025, ndipo manyuzipepala akuti ndi ndalama zopitirira mapaundi 60 miliyoni pachaka. Mwina munadabwa kuti mu July 2025, timu ili ku Hong Kong ndi ku Japan, anyamata atsopano ngati Wirtz ankavalabe jezi yakale. Chinali chifukwa choti kontirakiti ya Nike inali isanathe mpaka kumapeto kwa mweziwo. Adidas ikugulitsa chikumbutso. Inativeka kuyambira 1985 mpaka 1996, nthawi ya John Barnes ndi Ian Rush, inabweranso 2006 mpaka 2012, nthawi ya Gerrard ndi Torres. Akudziwa kuti bambo wa msinkhu wanu akaona mizere itatu ija pamapewa mtima umagunda. Jezi yake ndi yokongola, sindikana.

Chimene chimandinyansa ine ndi china. Sizoni iliyonse majezi atatu atsopano, yapakhomo, yakoyenda ndi yachitatu. Kale jezi imodzi inkakhala zaka ziwiri, pano ikangotha miyezi 12 yakalamba. Ya munthu wamkulu ikupitirira mapaundi 80 musanalembetse dzina ndi nambala, ndipo pali inanso yodula kuposa pamenepo, yomwe amati ndi yofanana ndendende ndi imene osewera amavala. Kutsogolo Standard Chartered, amene alipo kuyambira 2010, padzanja Expedia, ndiye munthu walipira ndalama zonsezo kuti aziyenda akutsatsa banki ya eni. Kuno ndimaona makolo a ana awiri atatu akuvutika nazo, mwana akulira kuti anzake kusukulu ali ndi yatsopano. Apa ndiye pofunika kukalipa, osati pa Darwin.

Ndiye za mwanayo, maganizo anga ndi awa. Jezi yatsopano ya Adidas yolembedwa Darwin 9 ikhala yabodza, chifukwa nambala 9 pano ndi ya Isak, amene tinamugula mu 2025 ku Newcastle pa mapaundi 125 miliyoni. Mukakumana nayo pamsika musatenge, anzake akamuseka. Mwanayo ngati mtima wake uli pa Darwin, tisamukakamize kusintha. Yomuyenera ndi ya Nike ya sizoni ya 2024/25, yofiira yapakhomo ija. Ndi imene Darwin anavala chaka chomwe tinanyamula ligi, ndipo siidzatha ntchito chifukwa ndi ya chaka cha chikho. Poti Nike yachoka, zotsala zikugulitsidwa motsika mtengo, ndiye ndiyang'ana kuno. Munditumizire msinkhu wake ndi saizi ya malaya amene akuvala pano, nditenge yokulirapo pang'ono kuti asaithawe msanga. Inu musatulutse ndalama, imeneyo ndi mbali yanga.

Alamu, poti ndikudziwa kuti mumvera, nkhani yomweyi ili kwanunso. Timu yanu ya Man United inasainirana ndi Adidas mu 2023 mgwirizano wa mapaundi 900 miliyoni wa zaka 10, ndalama zambiri kuposa zathu. Koma muli ndime yoti chaka chilichonse chimene timu yalephera kulowa Champions League, Adidas izidula mapaundi 10 miliyoni. Sizoni ya 2024/25 munathera pa nambala 15, fainolo ya Europa League n'kuluza kwa Tottenham, ndiye ndime imeneyo inayamba kuluma. Adidas sinafunse kuti kutsogolo kuli ndani kapena dzina lake likugulitsa bwanji, inafunsa kuti timu yathera pati. Højlund wanu anamwetsa 4 zokha mu ligi ndipo mu 2025 munamutumiza ku Napoli pangongole. Mnyamata ameneyonso ine sindimutcha mbola, anangomusenzetsa katundu wa timu yonse ali ndi zaka 20.

Basi amalume, ndithamangire kuntchito. Saizi ija musaiwale, ndipo mupereke moni kwa onse kunyumba.