Amalume ayankha: kodi chilungamo chimadyetsa?

Moni nonse pagulu pano. Mwana wa mlongo wanga, uthenga wako ndaumva. Kulemba sinditha, zilembo za pafoni pano zimandichepera, ndiye ndingolankhula. Amene atope adumphe.

Kwa amene simunamvetsere, nkhani yake ndi iyi. Iye pa msika wa Soweto paja, mu Lusaka muno, amagulitsa nyemba ndi kapenta ndi meda, chitini choyezera chija, yodzaza bwino, nthawi zina kuikirapo ndi mbasela. Mnzake wa tebulo loyandikana anaikhoma meda yake kunsi kuti ilowe m'kati, wogula amaona ngati yadzaza pamene yaperewera dzanja lathunthu. Mnzakeyo wagula puloti, iyeyu lendi ya ku Kanyama ikumusowetsabe tulo. Ndiye akuti, amalume, kukhala wolungama kuli ndi phindu lanji kwa ine mwiniwakene?

Alongo anga, ndaona mwamuyankha kale kuti apemphere, asiye maganizo achikunja. Ayi, musamukalipire. Funsoli lili m'Baibulo lanu lomwelo. Tsegulani Salimo 73, Asafu akunena kuti mapazi ake anatsala pang'ono kuterereka poona oipa akunenepa popanda vuto. Nanga Yobu? Anzake atatu aja anaumirira kuti wavutika chifukwa anachimwa, koma pomaliza Mulungu anakwiyira iwowo, osati Yobu.

Tsopano iwe, mvera. Tili ku seminale ku Mpima, ku Kabwe, tisanasinthe njira n'kukwatira azakhali akowa, tinkaphunzira za Plato, Mgiriki wa ku Athens, wa zaka pafupifupi 2,400 zapitazo. Iye analemba za mbale wake Glaucon akusimba nthano ya m'busa wina amene anatola mphete. Akaitembenuzira m'kati mwa dzanja, anthu samamuona. Anachita chiyani nayo? Analowa kunyumba yachifumu, anatenga mkazi wa mfumu, anapha mfumuyo, ufumu n'kukhala wake. Ndiye Glaucon akuti, tapatsani mphete yotere munthu wolungama, muone ngati sachita zomwezo. Anthufe timaopa kugwidwa basi. Meda ya mnzakoyo ndi mphete yomweyo, wogula saona kanthu.

Yankho la Plato linali lakuti wochita zosalungama amadziwononga m'kati, chilakolako chimakhala pampando, nzeru n'kusanduka wantchito wake, ndipo munthu wotere amakhala mwamantha ngakhale ali ndi chuma. Mphunzitsi wake Socrates ankati kulakwiridwa kuli bwino kuposa kulakwira wina. Ndipo sizinali zapakamwa chabe: m'chaka cha 399 BC atamuweruza kuti amwe poizoni, anzake anakonza zoti athawe m'ndende, iye anakana.

Ine pamenepa ndimavomera theka. Kunena kuti wakuba aliyense sagona tulo, ayi, n'kudzitonthoza. Alipo mu Lusaka muno amene anadya za ana amasiye, akugona bwinobwino, kuliza ndi mkonono womwe, ndipo tsiku la maliro awo kudzabwera makwaya atatu. Munthu asakunamize kuti pofika chaka chamawa mnzakoyo adzakhala atagwa. Mwina sadzagwa.

N'chifukwa chake ine ndimakonda Aristotle, amene anakhala pasukulu ya Plato zaka pafupifupi 20 koma anali ndi mapazi pansi. Iye anati khalidwe labwino ndiye mbali yaikulu ya moyo wabwino, eya, koma palokha silikwanira. Pamafunikanso chakudya, thanzi, abwenzi, ana okula bwino. Anafika ponena kuti amene amati munthu wozunzidwa ali pamtendere bola akhale wolungama, akulankhula zopanda pake. Ndiye kudandaula kwako za lendi si tchimo, si kuchepa kwa chikhulupiriro. Chilungamo sichilipira landilodi pa 30. Zimenezo n'zoona, ndipo amene anena zina sanagonepo ndi njala.

Dikira, mwana akugogoda pageti. Eya, alowa. Ndinali pati? Ee, pali wina amene nkhani yake ikukhudza iweyo mwachindunji, chifukwa chitsanzo chake n'cha wogulitsa. Immanuel Kant, wa ku Königsberg, m'chaka cha 1785 analemba za mwini sitolo amene sakweza mtengo ngakhale wabwera kudzagula ndi mwana wosadziwa ndalama. Kant akufunsa, chifukwa chiyani sakweza? Ngati n'chifukwa choti mbiri ikaipa makasitomala athawa, ndiye kuti ameneyo ndi wochenjera pa malonda, za chilungamo sitinayambe kukamba. Kwa Kant, kuchita bwino sikulonjeza chimwemwe, kumangokuyenereza kukhala nacho.

Apa ndi pamene ndikufuna umvetse, chifukwa funso lako lili ndi msampha m'kati mwake. Ukamadzaza meda poyembekeza kuti idzakubwezera puloti, ndiye kuti tsiku limene udzawerengere n'kupeza kuti sizikubweza, udzatenga hamala nawenso. Ndipo pamenepa ndimasiyana ndi alaliki ena a masiku ano, amene amati fesa mbewu lero ukolole galimoto. Amaphunzitsa anthu kuchita malonda ndi Mulungu, ndiye malonda akavuta, chikhulupiriro ndi khalidwe zimagwera limodzi.

Koma usaganize kuti ndikuti ulibe chimene wapeza. Tawerengera bwino. Pa chilimba chanu cha amayi a pamsika, ndalama amasungitsa kwa ndani? Kwa iwe. Mwana wako atagonekedwa ku chipatala cha UTH, ndani anakhala pa tebulo lako? Anzako anasinthanasinthana, madzulo n'kukubweretsera ndalama yokwanira, yomangidwa pa nsonga ya chitenje, osachotsapo ndi ya minibasi yomwe. Mlimi wa ku Petauke uja amakusiyira matumba kuti udzalipire ukagulitsa, wopanda pepala lililonse. Kodi mnzakoyo angamusiyire? Zinthu zimenezi sizioneka ngati puloti, koma munthu amakhalira zomwezo. Ku Harvard, ku America, kuli kafukufuku amene anayamba mu 1938, anatsatira amuna 724 kuyambira unyamata mpaka ukalamba, kenako ndi ana awo omwe. Chimene chinaonekera kwambiri n'chakuti amene anali ndi maubale abwino ndiwo anakalamba athanzi ndi okondwa, kuposa mmene chuma kapena kutchuka kunathandizira. Agogo ako kumudzi akanangoseka, kuti azungu anataya zaka zonsezo kufufuza zoti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Ndiye pali china chimene chimandiwawa ine kuposa zonse. Loweruka ana amabwera kudzathandiza pamsika, si choncho? Mtsikana wa mnzakoyo amaigwira meda ija, chala chake chimakhudza pokhomedwa paja, amadziwa. Amaona mayi ake akuseka ndi gogo wogula kapenta wa adzukulu, akumuitana kuti amama, kwinaku akumubera. Palibe amene wamuuza kanthu, koma waphunzira kuti kumwetulira ndi chida. Tsiku lina adzagwiritsa chidacho kunyumba konko. Wako akagwira meda yako alibe choti abise, ndipo iwe ulibe choti umubisire. Ine zimenezo ndimaziwerengera m'gulu la kukhala bwino, pamodzi ndi nsima ndi denga, osati ngati mphotho yobwera pambuyo.

Za phindu lochepalo, tisamanamizire chilungamo msanga. Mwina vuto lili pa mtengo umene ukuodera, mwina mbasela yako yakula, mwina ngongole zimene umapatsa anthu a kutchalitchi sizibwerera, ndipo ndikukayikira kwambiri pamenepo, chifukwa ndimakudziwa sutha kukana. Kukana ngongole si kuipa mtima. Bwera Lamlungu tikaweruka, utenge kabuku kako kaja, tidzawerengere limodzi thumba limodzi la nyemba kuyambira poodera, wilibala, msonkho wa pamsika, mpaka meda yomaliza. Za mnzakoyo, usayambe ndi kukamunenera kwa atcheya a pamsika. Mutengere pambali kaye, mulankhule awiri. Akakana, pamenepo tidzaona.

Alongo anga, mubwere nawonso, azakhali ake akuti aphika chikanda.